Amuna Anga ndi Mfuti Yamtengo

Lolemba, 3 Marichi

Abambo amangidwa. Akuti aba kubanki ndi mfuti.

Ndalemba mawu amenewa, ndawayang'ana, ndaseka ndekha ngati wozungulira mutu, kenako ndalira. Munthu woti mphemvu ikatulukira kubafa amaitana ine!

Ndilembe mwadongosolo, mwina mutu ungakhazikike. Amuna anga amagulitsa penti m'sitolo ya zipangizo zomangira nyumba, koma imeneyo ndi ntchito ya mimba chabe. Mtima wawo wonse uli ku zisudzo. Ali ndi kagulu kawo kamene kamachita masewero m'masukulu ndi m'makampani, a kusamba m'manja, a kuwoloka msewu, zoterozo. Mwezi watha mkulu wachitetezo wa kubanki anapatsa gululo ganyu: akachite ngati mbava zalowa, kuti aone ngati ogwira ntchito akudziwa chochita. Zachinsinsi, antchito asamve. A Dayirekita, mtsogoleri wa gululo, anapatsa abambo malo a mkulu wa mbava, dzina lake Chimkango. Chiyambireni abambo akhala akusewera mtembo, wodwala chifuwa, kamodzi mtengo wa m'mbali mwa msewu. Tsiku limenelo anabwera kunyumba akuyenda ngati awakweza pantchito.

Chigoba chakunkhope ndinasoka ndine, ndi nsalu yotsala ya siketi ya kasitomala. Mfuti anasema ndi kalipentala wa kuseri kwathuku. Penti wakuda anapaka okha, nkubwerezanso kuti iwale.

Tsono abambo ali ndi kachitidwe kawo. Tsiku la sewero, akangodzuka, amati alowa m'thupi la munthu amene akukasewerayo. Foni amathimitsa, dzina lawo sayankha, ife a m'nyumba satidziwa. Nthawi ya mtembo ija zinali bwino, m'nyumba munali mtendere. Lero m'mawa amwa tiyi akundituzulira maso, nkunena kuti, "Shuga patebulo, ndipo usayerekeze kukuwa." Ndinawapatsa shugayo. Wokwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima.

Masana a Dayirekita anatulukira pakhonde pamene ndimasokera, thukuta lili kamukamu. Akuti mabwana a kubanki akaniza zonse m'mawa womwewu. Iwo aimbira aliyense, mbava ziwiri zinazo zamva, zakhala kunyumba. Foni ya abambo yokha ndiyo sikupezeka. "Ndimati akaona kuti anzawo sakubwera abwerera okha, alamu." Ndinawafunsa ngati amamudziwadi munthu amene akunenayo. Asanayankhe foni yanga inalira. Apolisi.

Lachiwiri, 4 Marichi

Kupolisi. Wapolisi wa pakauntala atamva kuti ndine mkazi wake wa Chimkango, anaitana anzake kuti adzandione.

Akuti anawapeza ataima pakhomo la banki, chikwama cha ndalama kumanja, chigoba atavula, akuwerama uku ndi uku kudikira kuti anthu awombe m'manja. Ataona apolisi anayesa ndi anzawo a zisudzo amene banki yalemba padera. Anawauza kuti mayunifolomu ndi abwino koma achedwa kulowa, ndipo wamfupiyo asiye kumwetulira akuwononga sewero. Atafika nawo kupolisi anapitirizabe. Dzina? Chimkango. Nkoyamba? Anaseka chiseko chija akhala akuyeserera kubafa sabata yonse, nkunena kuti mabanki amene anathyola sangawawerenge. Wapolisi analemba zonse. Abambo anasaina, ndi dzina lawo lenileni.

Anayamba kukayika atawalanda lamba ndi zingwe za nsapato. Chitseko chitatsekedwa anadikira kuti wina anene kuti basi, tathera pomwepa. Palibe ananena.

Ndinawapeza atagwira thalauza ndi dzanja limodzi kuti lisagwe, nkhope yonse yolumidwa ndi udzudzu. Mtima unandiwawa, ndinaiwala mawu onse amene ndinakonza panjira. Ndinawapatsira buledi ndi tiyi pa zitsulo. Anandiyandikira nkunong'ona, "Mayi, anthu akuti bwanji kunjako? Zinaoneka zenizeni?"

Tiyiyo ndikanakhala ndisanapereke, bwenzi nditawathira.

Lachitatu, 5 Marichi

Kukhoti koyamba. Mlandu wawerengedwa: kuba moopseza anthu ndi chida. Belo awakaniza chifukwa cha mabanki osawerengeka aja, woimira boma akuti afufuze kaye ngati alikodi. Abambo apita kurimandi.

Atipatsa loya wa boma, wa anthu osowa ngati ife. Mayi wamtali, woonda, mafayilo mpaka m'khwapa, switi ya chifuwa ili m'kamwa nthawi zonse. Tinakhala pabenchi panja. Ndinati, "Koma a loya, mfutiyo ndi yamtengo. Ndikhoza kubwera ndi kalipentala wake."

"Mayi, lamulo siliyang'ana mtengo. Limayang'ana mantha a munthu amene walozedwa. Ngati anakhulupirira kuti ndi mfuti, kwa khoti ndi mfuti."

Ndinafunsa chilango. Anayamba asuntha switi ija kupita tsaya lina. Akuti mlandu umenewu ulibe za chindapusa, ndi ndende basi, zaka zopitirira khumi, ndipo woweruza akaona kuti unali woipitsitsa akhoza kunena moyo wonse. Chimene chaipitsa zinthu ndi kuulula kumene anasaina kuja. Akuti anthu ambiri samangidwa ndi apolisi, amamangidwa ndi pakamwa pawo, koma aka nkoyamba kuona munthu wodzimanga ndi pakamwa pa munthu wina.

Mwana wathu ali kusekondale yogonera komweko, sindinamuuze. Ndinayamba kumuona akumaliza sukulu, akukwatiwa, akubereka, bambo ake ali kuseri kwa mpanda chifukwa cha nsalu yotsala ya siketi. Ndikuopa. Sindinaopepo chonchi.

Lachinayi, 6 Marichi

Wapolisi wofufuza wabwera kudzafunsa amene anasoka chigoba. Ndinavomera. Anachitembenuza, anayang'ana msoko, anati ndi ntchito yaukhondo. Wasiya thalauza lake kuti ndilifupikitse.

A loya akuti ndisalankhulenso ndi wapolisi aliyense iwo palibe, ngakhale za thalauza.

Kalipentala watseka shopu, akuti wapita kukaona odwala. Mkazi wake sakudziwa kuti wadwala ndani.

Loweruka, 8 Marichi

Apongozi afika ndi chikwama chachikulu, kusonyeza kuti sakubwerera msanga. Asanakhale pansi nkomwe: "Ndinakuuzani ine, mpongozi, mwamuna wamkulu ndi ndevu zake savala zovala za anthu ena." Sanandiuzepo. Pa sewero la mtembo lija anakhala kutsogolo penipeni, analira mpaka anachita kuwatulutsa panja.

Akufuna akaonane ndi woweruza pamaso, akamufotokozere kuti mwana wawo ngakhale ali wamng'ono sankatha kunama, akaba shuga ankabwera yekha kudzanena. Ndawauza kuti asatchule mawu oti kuba pafupi ndi khoti, komanso kukaona woweruza kumbali ndi mlandu wina. Akuti mlandu wanji kucheza ndi munthu.

Makasitomala achuluka. Aliyense ali ndi batani lothothoka, aliyense akufuna kumva nkhani. Amayi ena abweretsa diresi loti silinang'ambike paliponse, tinachita kufunafuna limodzi poti ndisoke.

Lolemba, 10 Marichi

Ine ndi a Dayirekita tinapita kwa mkulu wachitetezo uja. Anatisiya pabenchi mpaka msana kuuma. Atatuluka anandipatsa moni ngati wandipeza pamaliro. Akuti iye anangocheza ndi gululo za maganizo chabe, panalibe chogwirizana. A Dayirekita anati, "Bwana, si inu munatizungulitsa m'katimu Loweruka lija kutionetsa zitseko?" Iye anayang'ana wotchi. Zikuoneka kuti anakonza zonsezi osauza mabwana ake mpaka m'mawa wa tsikulo, ankafuna awadabwitse ndi nzeru zake, ndiye pano nayenso ali m'madzi. Poti zinali zachinsinsi, palibe chimene chinalembedwa. Wasamba m'manja, watisiya padzuwa.

Woimira boma ndiye wapezerapo nkhani yake. Akuti abambo anamva kuti sewero lalephereka, koma poti anali atadziwa kale m'kati mwa banki, anathimitsa foni dala nkupita okha kukaba zenizeni. Ndikanakhala sindiwadziwa ndikanakhulupirira. Zikumveka zanzeru kuposa zimene zinachitikadi.

Lachitatu, 12 Marichi

A loya anandiitana kuofesi kwawo, kachipinda kodzaza mapepala, fani yosazungulira. Apeza vidiyo ya makamera a m'banki. Tinaonera limodzi pakompyuta.

Ambuye wanga.

Abambo akulowa, chigoba chapendekeka, diso limodzi lokha ndilo likuona. Vuto si msoko, anavala mofulumira. Akukweza mfuti, akutsegula pakamwa, akuima. Aiwala mawu. Akutembenuka, akubwerera pakhomo, akulowanso kachiwiri. Vidiyo ilibe mawu koma ine ndimawadziwa onse, ndakhala ndikuwamva ndikuchapa. Anthu a pamzere akungowayang'ana. Agogo ena a ndodo akuwakodola nkuwalozera kumapeto kwa mzere. Mayi wina wagona pansi, koma wayamba wayala nsalu yake bwinobwino. Mtsikana wa pakauntala akuika ndalama m'chikwama, mapewa akugwedezeka. Ndimayesa akulira. A loya anakulitsa chithunzi. Sakulira.

A loya anaseka mpaka kutsamwa ndi switi, ndinachita kuwamenya pamsana. Atapuma anati, "Mayi, potulukira pathu ndi pamenepa." Akuti zinthu ndi ziwiri. Munthu wofuna kuba savula chigoba patsogolo pa kamera nkuwerama. Komanso boma liyenera kuonetsa kuti anthu anaopsezedwa, pamene m'banki monsemo palibe anaopa. "Ntchito yathu ndi kuonetsa khoti kuti amuna anu sadziwa kusewera. Iwonso akavomere zimenezo ndi pakamwa pawo. Akangonena kuti anthu ananjenjemera, atipereka okha."

Ndinafunsa ngati palibe njira ina. Anati ilipo, kuvomera mlandu nkupempha chifundo, mwina zaka zingachepeko pang'ono, koma ndende ndiye yosathawika. Ndinati ayi, tiyeni ndi yoyambayo. A loya amadziwa malamulo, koma abambo sawadziwa.

Lamlungu, 16 Marichi

Kundende. Mzere wautali, asilikali akubaya buledi ndi waya kufuna zobisika. Abambo aonda, khosi latalika, koma maso akuwala. Ayambitsa kale gulu la zisudzo m'selo mwawo. Akuti muli bambo wina wa mlandu wa matayala amene ali ndi mawu amphamvu kwambiri, angofunika kumuwongola kaimidwe.

Ndinawafotokozera nzeru ya a loya pang'onopang'ono, ngati ndikulowetsa ulusi pasingano. Nkhope inasintha.

"Ndiime pamaso pa anthu ndinene kuti sinditha?"

"Mungonena kuti palibe anaopa."

"Mayi uja anagona pansi!"

"Anayamba wayala nsalu, bambo."

"Mtsikana wa pakauntala ankanjenjemera. Ndinamuona ndi maso angawa."

"Ndi diso limodzi."

Kenako anati bola akhale m'ndende anthu akudziwa kuti anali katswiri, kusiyana ndi kutuluka ali choseketsa cha tauni yonse. Apa ndiye ndinaphulika. Ndinawauza kuti katswiriyo akadzatuluka adzapeza mwana wake ali ndi imvi, amayi ake ali kumanda, ine nditakwatiwa ndi wapolisi wa thalauza uja. Ndinawauza kuti ndatopa kugona bedi limodzi ndi apongozi, amaponya miyendo. Ndinawauza kuti ine sindinakwatiwe ndi Chimkango, ndinakwatiwa ndi munthu wonunkha penti amene amanditenthetsera madzi msana ukandivuta, ndipo ameneyo ndikumufuna kunyumba. Anthu onse m'chipinda chochezeramo anasiya nkhani zawo. Msilikali wina anayamba kuwomba m'manja, anazindikira, anasiya.

Abambo anangotenga buledi wobooka uja nkubwerera m'kati.

Lachiwiri, 18 Marichi

Mwana waimba kuchokera kusukulu. Wamva kale, anzake akumutchula Kamkango. Anayamba ndi kuseka, kenako mawu anachepa. "Amama, adadi abwera?" Ndinati abwera. Nditadula foni ndinasokera mkono wa malaya a munthu pamalo pa kolala.

Lachinayi, 20 Marichi

A loya anapita kundende kukawakonzekeretsa. Abwerako atakalamba. Akuti abambo anafunsa kuti m'khoti kuwala kumachokera mbali iti, kuti adziwe koyang'ana. Akonza mawu oti adzalankhule kwa woweruza, oyambira pa kubadwa kwawo. A loya anawauza kuti mayankho ndi inde, ayi, ndi sindikudziwa. Abambo akuti amenewo si mawu oti munthu nkusewera nawo.

Pa nkhani yovomera kuti palibe anaopa, sanalonjeze kanthu. A loya anandifunsa ngati pali munthu amene abambo amamumvera. Ndinaganiza, ndinaganiza. Ndinati akakhala m'thupi mwawomwawo amandimvera ine, koma sindidziwa kuti tsikulo adzadzuka ali ndani.

Lachisanu, 21 Marichi

Apongozi akusala kudya chifukwa cha mlandu. Amasala kuyambira akamaliza cham'mawa mpaka chamasana chipse.

Lolemba, 24 Marichi

Mlandu wayamba. Khoti lodzaza mpaka m'mawindo, makasitomala anga onse a mabatani analipo. Woweruza ndi bambo wadazi, wa magalasi, nkhope ngati sanasekepo chibadwire.

Mboni yoyamba ya boma inali mlonda wa pabanki. Analumbira kuti anaopa kwambiri, mawondo anagundana, sanaonepo mbava yoopsa chonchi. Ndinayang'ana abambo m'kabokosi ka oimbidwa mlandu. Akumwetulira! Akugwedeza mutu kuvomereza! Ndinatsokomola mpaka anandiyang'ana. A loya anaimirira nkufunsa mlondayo kuti aloze pamene iye ali pavidiyopo. Anayang'ana, anayang'ana. Kenako anavomera kuti nthawi yonseyo anali kuchimbudzi, m'mimba munamuvuta, nkhani anaimva atatuluka.

Mkulu wachitetezo anabwera ndi mayankho ake ozungulira. A loya anamupanikiza pang'onopang'ono mpaka anavomera kuti inde anakumana ndi gululo, inde tsiku anasankha ndiye, inde anawauza kuti asauze munthu. Potuluka kolala yake inali yonyowa.

Kenako mtsikana wa pakauntala. Anati anawazindikira asanalankhule nkomwe, chifukwa cha kayendedwe, ndi amene anamugulitsa penti wa kuchipinda kwake. Ndalama anapereka chifukwa malamulo a ntchito amati osalimbana ndi wakuba, kaya akhale wotani. A loya anafunsa, "Munaopa?" Iye anati, "Ndinkaopa kuseka, bwana." Akuti abambo atalandira chikwama anati zikomo, nkumunong'oneza kuti alire mokweza pang'ono kuti a kumbuyo amve.

Anaonetsa vidiyo. Pamene abambo akubwerera pakhomo kukayambiranso, khoti lonse linafa ndi phwete. Woweruza anamenya tebulo, koma kenako anavula magalasi nkumawapukuta nthawi yaitali atazyolika. Apongozi okha ananena mokweza kuti, "Mwana wanga ameneyo," sindikudziwa ngati monyadira kapena modandaula.

A loya akuti zayenda bwino kwambiri. Ine sindinaseke. Ndinkaona khosi la abambo likulowa m'mapewa pang'onopang'ono, ndipo zinandiwawa kuposa tsiku la kupolisi lija. Mawa alankhula ndi iwo.

Lachiwiri, 25 Marichi

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

A loya anawafunsa mafunso osavuta, za ganyu, za foni, za kachitidwe kawo kolowa m'thupi la munthu. Anayankha motsitsa mawu, bwinobwino. Kenako woimira boma anaimirira. Kamunthu kochenjera, kolankhula mofatsa ngati kakufunsira mbeta. Nako kanali kataona pamene pali bala.

"Bambo, ine vidiyo ija ndaionera mosiyana ndi anthu awa. Ine ndaona luso. Munthu amene wakhala pa zisudzo zaka zonsezi sangalephere kuopseza kabanki kamodzi. Si choncho?"

Abambo anadzutsa mutu.

"Anthu akaopa amabisa ndi kuseka, bambo, ndi manyazi chabe. Inu munawaona m'maso. Tauzani khoti zoona. Pamene munakweza mfuti ija, m'chipinda chonse munagwa mantha, eti? Onse anali m'manja mwanu."

Chibadwire palibe anawauzapo mawu okoma chonchi. Ndinaona chifuwa chawo chikukwera. A loya anasiya kutafuna. Ndinagwira dzanja la apongozi, iwonso anandifinya mpaka mphete kundilowa m'nyama. Abambo anayang'ana woimira boma, anayang'ana a Dayirekita, kenako anandipeza ine pakati pa anthu. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Manja awo pathabwa paja ankanjenjemera.

"Ayi, bwana," anatero. "Palibe anaopa. Agogo aja anandiuza kuti ndikaime pamzere." Anthu anayamba kuseka, koma iwo anapitiriza, mawu akudukaduka. "Ine kusewera sindidziwa. Ndinkayesa ndimadziwa. Anzanga amandipatsa malo a mtembo chifukwa mtembo sulankhula. Ine ndimagulitsa penti, bwana. Ndikufuna kupita kunyumba."

Palibe anasekanso. A Dayirekita anayang'ana pansi. Woimira boma anatembenuza mapepala ake nkunena kuti alibe funso lina. Ine misozi ili mbwembwembwe, kampango ndaiwala kunyumba, ndinapukutira juzi ya apongozi ndipo sanadandaule.

Lachinayi, 27 Marichi

Chigamulo. Mlandu wakuba ndi chida, alibe! Woweruza akuti boma lalephera kuonetsa kuti panali cholinga chakuba kapena kuti wina anaopsezedwa. Zimene anasaina kupolisi akuti ndi mawu a Chimkango, amene khoti silikumupeza kuti limuzenge. Koma awapeza olakwa pa mlandu waung'ono wosokoneza mtendere pamalo a anthu. Masiku amene akhala kurimandi akwanira, atuluke, koma akadzapezekanso pafupi ndi banki atavala kanthu kunkhope, ngakhale kansalu ka chimfine, adzaonana. Mfuti yalandidwa ndi boma.

Apongozi anafuula aleluya mpaka wapolisi kuwaopseza kuti awatsekera. A loya anandipatsa switi imodzi nkuthamangira mlandu wina. Sindinawathokoze mokwanira, ndiwasokera siketi.

Ali kunyumba. Asamba, ameta, agona.

Lamlungu, 30 Marichi

Apongozi abwerera kwawo. Kalipentala watsegula shopu, odwala ake achira. Mwana ndamuimbira, analankhula ndi bambo ake, iwo amangoti inde, inde, ndili bwino.

Kuntchito awalandira. Bwana wawo akuti penti akuyenda malonda, anthu akubwera kudzaona munthu wa pavidiyo. Abambo amawapimira penti, amawapatsa, osadzutsa mutu.

M'nyumba muli zii. Kubafa sakuyesereranso mawu, amangosamba ngati munthu wamba. A Dayirekita anabwera dzulo ndi sewero latsopano la kampani ya sopo, abambo anawauza pakhomo pomwe kuti apeze wina. Zaka zonsezi ndakhala ndikupempha bata limeneli. Lafika, ndipo ndikudana nalo. Thupi labwera kunyumba, koma mwini wake anatsala m'kabokosi ka kukhoti kaja, ndipo ndine ndinawauza kuti akanene mawu amenewo.

Lachitatu, 2 Epulo

M'mawa patebulo. Iwo akutakasa tiyi osamwa, ine ndikudula buledi. Ndakhala ndikuganiza masiku onsewa, ndiye ndinangonena, osawayang'ana.

"Koma m'khoti muja munasewera, bambo."

Supuni inaima.

"Mukuti chiyani?"

"Zija za ine ndimagulitsa penti zija. Mawu kudukaduka, manja kunjenjemera. Woweruza uja anameza zonse. Woimira boma mpaka kusowa funso. Amayi anu kulira. Ine amene ndimakudziwani ndinatsala pang'ono kukhulupirira."

Ndikudziwa chimene ndinaona tsiku lija. Manja aja sankasewera. Iwonso akudziwa, ndipo akudziwa kuti ine ndikudziwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, m'maso mutalenga misozi, mpaka ndinaopa kuti ayesa ndikuwaseka.

Anapukuta kumaso ndi chikhatho. Anatsokomola. Anawongola msana pampando.

"Munaona pamene ndinaima kaye ndisananene za mtembo?"

"Ndinaona."

"Sipanatalike kwambiri pamenepo?"

"Pang'ono."

"Ndinadziwa," anatero, akukankhira kapu kumbali. Anaimirira nkugwira nsonga ya tebulo ndi manja onse awiri. "Taimani ndikuonetseni mmene ndinayenera kuchitira. Inu mukhale woweruza."

Pamakina panali madiresi a anthu akudikira, wina woti atenge masana omwewa. Ndinaika mpeni wa buledi pansi, ndinakokera mpando pakati pa chipinda, ndinakhala, nkumenya tebulo ndi supuni.

"Woimbidwa mlandu apitirize."